Sitima Sipatuka

Ufumu wa Tioneni simungaupeze pa mapu. Akuti wojambula mapu anafikako ndithu, koma anabwera wapansi, ndiye alonda a pamalire anamubweza.

Kumeneko ulemu wa munthu uli m'matayala. Wa matayala anayi ndi bwana. Wa matayala awiri ndi "aise." Wopanda tayala ndi fumbi. Pa maliro, a magalimoto amakhala pa mipando kutsogolo ngakhale womwalirayo sankamudziwa, anamfedwa n'kukhala kumbuyo pa mphasa chifukwa anabwera ndi miyendo. Kutchalitchi nyimbo siyamba mpaka bwana womaliza atamenyetsa chitseko cha galimoto kuti a m'kati amve.

Lamulo lakale la dzikolo limati munthu asanalankhule pa msonkhano uliwonse, ayambe waonetsa kiyi wa galimoto. Za galimotoyo safunsa. N'chifukwa chake pa msika wa Tingoseka pali mzere wathunthu wa ogulitsa makiyi. Bambo amagula kiyi, n'kumamuzunguza pa chala, kenako n'kukakwera kabaza kuseri kwa chigayo kumene apongozi sangamuone.

Mafuta a galimoto ku Tioneni amabwera ngati mlendo wa kutali: kamodzikamodzi, osagona. Choncho boma linakhazikitsa Gulu la Okankha, amuna a mapewa ovala yunifolomu, amene amakankha magalimoto a nduna kuchoka kunyumba mpaka ku ofesi. Nduna imakhala m'kati, mawindo otseka, manja pa chiwongolero, nkhope ya munthu amene wafulumira.

Sitima nayo inalipo. Imodzi, yakuda, yokalamba. Inkanyamuka ku boma la Kumbuyo m'mawa n'kufika ku likulu la Matama dzuwa litapendeka. Inkanyamula tomato, mbuzi, makala, odwala opita ku chipatala chachikulu, ndi anthu ena onse amene lamulo silinkawaona. Inkachedwa, koma inkafika. A magalimoto ankaida pa chifukwa chimenechi.

Pamene msewu wa ku nyumba yachifumu umadutsana ndi njanji panali mpiringidzo wachitsulo wotchingira msewu, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri. M'kanyumbamo munkakhala Yotamu, mlonda wa pamphambanopo, ndi mkazi wake Nangozo, amene ankagulitsa nthochi pa mawindo a sitima pa siteshoni yapafupi. Yotamu anagwira ntchitoyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Sitima ikalira, ankatsitsa mpiringidzo. Ikadutsa, ankaukweza. Mawu ake a tsiku lonse sankadzaza supuni. Nangozo ndiye ankalankhulira onse awiri, otsala n'kugawirako oyandikana nawo.

Lachiwiri lina masana sitima inalira kuseri kwa chitunda. Nthawi yomweyo kunamveka kulira kwa mdipiti wa Mfumu Patukani Wachinayi, magalimoto makumi atatu ndi anayi, onse oyenda okha, poti sabata imeneyo mafuta anali atabwera. Yotamu anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anatsitsa mpiringidzo.

Mdipiti unaima. Chiyambire ufumuwo, zimenezi zinali zisanachitikepo, moti madalaivala ena anachita kufunafuna pamene pali buleki. Mfumu inadikira mphindi khumi ndi imodzi. Inaonerera mabogi akudutsa, limodzi ndi limodzi. M'bogi lachisanu munali mbuzi imene inaiyang'ana mfumu m'maso, uku ikubzikula.

M'mawa mwake Bwalo la Nduna linakumana. Woyamba kuzunguza kiyi anali a Mwanenadi, Nduna ya Matayala ndi Ulemu.

"Mfumu yathu, inu amene mwezi umakupatukirani," anatero a Mwanenadi, "dzulo dziko lonse linaima mphindi khumi ndi imodzi. Chimanga chinaleka kukula. Amayi oyembekezera anayamba adikira. Chifukwa cha chiyani? Chifukwa cha chitsulo chonyamula tomato!"

"Ndi mbuzi," inatero mfumu. Nkhani ya mbuzi ija inali isanaichoke m'mutu.

"Ndi mbuzi, Mfumu. Mwanenadi."

Nduna ya Zaumoyo inaonetsa kiyi wake. "Madokotala athu apeza kuti sitima imayambitsa matenda a kuyandikana. Munthu amakhala phewa ndi phewa ndi munthu wosamudziwa. Kenako amagawana chinangwa. Mapeto ake amayamba kufunsana mafunso."

"Mafunso anji?" inafunsa mfumu.

"Monga akuti: kodi msewu wa ku Kumbuyo uja tinautsegulira katatu uli kuti?"

Bwalo lonse linatsokomola.

Nduna ina yokalamba, imene inali itatsala pang'ono kupuma ntchito ndipo inalibe choopa, inafunsa ngati okwera sitimawo anamvedwa maganizo awo.

"Tinawaitana," anayankha a Mwanenadi. "Anabwera ambiri. Panalibe wa kiyi."

Tsiku lomwelo linatuluka Lamulo la Ulemu wa Matayala. Linati sitima ikakumana ndi galimoto ya mbendera, izipatuka, ndipo ikapatuka ipepese. Linatinso munthu waudindo akapezeka atakwera sitima, udindo wake uthere pa mpando womwewo. Mpiringidzo unazulidwa. Sitima inamangidwa. Asilikali anaikulunga ndi unyolo ku mzati wa siteshoni, n'kutseka ndi loko wamkulu ngati mutu wa mwana wa ng'ombe, n'kuikapo mlonda wa mfuti kuti isathawe.

Yotamu anamutengera ku bwalo la milandu kwa a Ndamvakale, woweruza amene sankakonda kutaya nthawi ndi mboni. Popeza Yotamu analibe kiyi, anamubwereka wa bwalo, womangidwa ku chingwe, amene oimbidwa milandu amagwira kuti athe kuvomera kulakwa.

"Yotamu, mbendera ya mfumu unaiona?"

"Ndinaiona."

"Nanga unatsitsiranji mpiringidzo?"

"Sitima sipatuka."

A Mwanenadi, amene anabwera kudzaimira ulemu wa mfumu, anadumpha pa mpando. "Mwamva? Akuti sipatuka! Mtsinje umapatuka ukapeza mwala. Ng'ombe imapatuka. Chilungamo chimene, m'bwalo muno, chimapatuka chikaona mbendera. Sitima ndi yani?"

Woweruza anagwedeza mutu monyadira. "Uli ndi zina zonena?"

"Ndanena."

Chigamulo chinali cholembedwa kale, ndiye sichinachedwe. Pa Tsiku la Mdipiti, chikondwerero chachikulu cha dzikolo chimene chinali patsogolo masabata atatu, Yotamu adzaime pamphambano pomwepo, pamaso pa mfumu ndi khamu, n'kunena mokweza kuti: "Sitima ikanapatuka." Akadzanena, adzamusiyira kanyumba kaja, azidzasesa msewu. Akadzakana, kanyumbako kadzagwetsedwa tsiku lomwelo, iye ndi mkazi wake akaone kolowera.

Atafika kunyumba anapeza Nangozo atamva kale zonse, ndi zina zimene sizinanenedwe.

"Mawu awiri, bambo a Esinta. Awiri okha! Sitima. Ikanapatuka. Taonani, ine ndanena, lilime langa lathothoka?"

"Sipatuka."

"Ndikudziwa kuti sipatuka! A Mwanenadi akudziwa. Woweruza akudziwa. Mbuzi ija ikudziwa. Akufuna munene, sakufuna mukhulupirire. Kuno ku Tioneni ndani amakhulupirira zimene akunena? Mukufuna muyambe inu?"

Yotamu anakhala pa khonde n'kuvula nsapato.

"Ndikulankhula nanu, a Phiri! Mango awa ndinabzala ndine. Mchombo wa Esinta tinaukwirira pansi pa mtengo uwo. Kwathu ku Kumbuyo munda anagawana kalekale, ndipo ngakhale titati tipiteko, sitima yake ili pa unyolo ngati galu wa chiwewe. Tidzagona kuti? Pa njanji?"

"Ndikanena, wina adzamva."

"Eya, ndi cholinga chake!"

"Adzakhulupirira. Adzaima pa njanji."

Nangozo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Zimenezi sizinkachitika kawirikawiri. Kenako anati, "Chitsiru chotero mudzachipeza kuti?" n'kulowa m'nyumba, mbale zikulira.

Masana aliwonse, nthawi ya sitima ikakwana, Yotamu ankapita kukaima pa dzenje limene panali mpiringidzo. Ankaima mphindi khumi ndi imodzi, n'kubwerera.

Ku msika wa Tingoseka, mabenchi a tomato anali mbee. Nachuma, amene ankaoda tomato wa pa sitima, anakhala pa dengu lovundikira, akuingitsa ntchentche zimene nazonso zinalibe chochita.

"Tomato wanga ali ku Kumbuyo," anatero. "Akupsa yekha, akuwola yekha. Mwina adzigulanso yekha."

Pafupi naye panaima a Pondani, kalaliki wa ku ofesi ya misonkho, kiyi ali zunguliru pa chala. "Ine sitima sindinaikondepo, mayi. Munthu umafika ukununkha mbuzi ya eni ake. Galimoto ndi ufulu. Umanyamuka nthawi imene wafuna."

"Yanuyo inanyamuka liti, abwana?"

"Ili ku galaja."

"Chaka chachisanu ndi chimodzi chino ili ku galaja. Nkhuku za amakanika zaswera m'menemo mibadwo ingati?"

"Musawanyoze abwanawa," analowerera Gelevazio wa kabaza, atatsamira njinga yake. "Ndi kasitomala wanga. Ndimawatsitsa kuseri kwa chigayo, iwo n'kusasa fumbi, n'kulowa mu ofesi akudandaula kuti poimika magalimoto pachepa."

"Iwe mwana wopanda mwambo! Udziwa chiyani za kuyendetsa?"

"Ndimaona, bwana. Kuyendetsa kwa kuno n'kosavuta. Phazi pa moto, dzanja pa hutala, maso pa anthu kuti uone ngati akukuona."

"Makiyi, makiyi!" anafuula Sikelo wa pa mzere wa makiyi. "Akuluakuluwa ndi olankhulira pa maliro! Aang'onowa ndi a pa chinkhoswe! Amayi a tomato, gulani mmodzi mukadandaule ku bwalo!"

"Ndinagula chaka chatha," anayankha Nachuma. "Ndinalankhula. Anandifunsa kuti galimoto yake ndi ya mtundu wanji, ine ndinati yobiriwira. Ananditulutsa kunja."

Nangozo anadutsa ndi lichero la nthochi zimene zinayamba madontho akuda. Onse anamutembenukira.

"Anangozo, bambo aja anena?"

"Munamvapo mwala ukunena?"

"Anene basi," anatero a Pondani. "Tonse timanena. Ine ndimanena kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ndili bwinobwino."

"Asanene," anatero Nachuma chapansipansi. "Mayi anga amapita ku chipatala ndi sitima imeneyo. Mwezi uno mankhwala awathera."

"Ndiye mayi anuwo adzandisunga kwawo akadzagwetsa nyumba?" Nangozo anafunsa. Nachuma anangosuntha pa dengu kuti mnzakeyo akhale nawo.

Kutatsala masiku awiri kuti Tsiku la Mdipiti lifike, mfumu inapita ku Kumbuyo kukatsegulira msewu uja kachinayi. Msewuwo anamanga ndi mlamu wa a Mwanenadi, ndipo phula lake linali ngati lopaka ndi nthenga ya nkhuku. Mfumu inadula riboni. Azimayi anavina. Mvula inagwa. Pofika m'mawa msewu unali utanyamuka ndi mtsinje wa Ndatopa, pamodzi ndi mlatho wake, osatsanzika.

Mfumu inatsala tsidya lina. Chokhacho chimene chinaima pa mtsinjewo chinali mlatho wa njanji, womangidwa nthawi ya agogo, pamene alamu anali asanayambe kumanga zinthu.

Bwalo la Nduna linakumana mwadzidzidzi ku Matama, mfumu ikumvera pa lamya. Wina anati bwato. Bwato lilibe matayala. Wina anati machila. Machila alibenso matayala. Wina anangoyamba kuti "si—" n'kumeza mawu otsalawo, poti lamulo linali lisanaume inki: waudindo akakwera sitima, udindo wathera pomwepo.

"Mawa ndi Tsiku la Mdipiti," inakuwa mfumu pa lamya. "Mdipiti wopanda ine ndi mzere wa pa mafuta!"

"Mwanenadi, Mfumu," anatero a Mwanenadi. Anaganiza mpaka thukuta. Kenako nkhope inawala. "Mfumu sikwera sitima. Mfumu ikhala m'galimoto yake. Galimotoyo tiikweza pa bogi lopanda denga lija lonyamula zipika, bogilo tiliika kutsogolo kwa injini. Mfumu igwira chiwongolero. Sitima izitsatira pambuyo ngati wandende."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho zinafiira.

Anathamangira ku siteshoni kukamasula sitima, koma kiyi wa loko uja anali atasowa. Anaitana Sikelo ndi thumba lake lonse. Anayesa mmodzimmodzi. Onse anali a magalimoto. M'dziko lodzaza makiyi, unyolo anachita kuudula ndi sowo.

Sitima inapita, inakafika. Galimoto ya mfumu anaikweza pa bogi n'kuimanga ndi zingwe. Kumbuyo kwa injini, anthu a ku Kumbuyo anakwera mwakachetechete ndi madengu awo, mbuzi zawo ndi odwala awo. Wailesi inalengeza kuti limenelo ndi khamu loperekeza mfumu.

Tsiku la Mdipiti, pamphambano panadzaza. Azimayi anagawiridwa zitenje zofiira za nkhope ya mfumu. Nangozo analandira chake, poti chitenje n'chitenje. Katundu wa m'nyumba anali atamanga kale m'mitolo. Kuseri kwa mango kunali amuna anayi a mapiki ndi nyundo, akudikira kugwetsa kanyumba. Yotamu anamuimika pa bokosi, kiyi wa bwalo ali m'khosi.

"Bambo a Esinta," ananong'ona Nangozo, "ngati simungathe kunena mokweza, ingong'ung'udzani. Ine ndikuwa kuti mwanena."

Yotamu ankayang'ana kuchitunda.

A Mwanenadi anafika akukankhidwa ndi amuna asanu ndi mmodzi, mbendera ili petupetu. Atafika pa njanji penipeni, pamene msewu umakwera pang'ono, anakweza dzanja. "Pompano. Apa ndiye aliyense andiona." Okankha anasiya galimoto n'kupita pa mthunzi.

"Chotsani galimoto," anatero Yotamu.

"Iwe, mawu ako ndi awiri, ndipo si amenewo."

"Ikubwera motsetsereka. Chotsani."

"Galimoto iyi ili ndi mbendera. Lamulo ndinalemba ndine. Ipatuka."

Poyamba a Mwanenadi ankadziwa kuti limeneli ndi bodza. Koma analinena pa wailesi masabata atatu, ndipo madzulo aliwonse ankamvera wailesiyo.

Sitima inalira kuseri kwa chitunda.

Yotamu anatsika pa bokosi. Mbendera yake yofiira yoimitsira sitima inali ku bwalo la milandu ngati umboni. "Nangozo. Chitenje."

"Pagulu pano?"

"Chitenje."

Nangozo anayang'ana galimoto, anayang'ana njanji, n'kumasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi. "Chitsiru chija chapezeka," anatero.

Yotamu anathamanga m'mbali mwa njanji, bambo wa imvi, kiyi akumumenya pachifuwa, nsalu yofiira ili m'mwamba. Msilikali wina anafuna kumuthamangitsa, koma anaona nkhope ya mfumu pa nsaluyo n'kuima kuti achite sawasha.

Sitima inatulukira. Kutsogolo kwake kunali mfumu, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina likubayibitsa minda ya chimanga. Woyendetsa sitima, amene anasuzumira pambali pa injini, anaona chofiira. Sanafunse kuti pali nkhope ya yani. Anamanga mabuleki onse. Zitsulo zinalira moti agalu a m'midzi itatu anayankha.

Koma sitima yodzaza, pa mtsetse, siima chifukwa wina wafuna. Inapitirira, ikukhwekhwereza.

Apa m'pamene mfumu inaona galimoto ya nduna yake itapingasa kutsogolo. Inaliza hutala. Inapotoza chiwongolero kumanzere. Matayala anatembenuka pa matabwa a bogi, bogi osamva. Inapotozera kumanja. Inaponda buleki ndi miyendo yonse iwiri. Inatulutsa mutu pa windo n'kulamula, ndi mawu amene nduna zimanjenjemera nawo: "Patuka!"

A Mwanenadi anatulutsa pepala la lamulo pa windo lawo n'kulilozetsa kwa sitima kuti iwerenge. Analigwira choncho kanthawi ndithu. Kenako chikhulupiriro chinawathera. Anatsegula chitseko n'kudziponya mu ngalande.

Pofika pamphambano sitima inali ikuyenda ngati ng'ombe yokhuta. Zinakwanira. Galimoto ya nduna inapindika ngati chitini chopondedwa, mbendera ndi zonse, n'kukankhidwa mpaka pa mtengo wa mango. Ya mfumu inaphwanyika nyali ndi mphuno. Bogi linaima pakhomo pa kanyumba ka Yotamu penipeni.

Tomato mmodzi anagubuduka kuchoka m'bogi lina, n'kuima.

Chitseko chinatseguka. Mfumu Patukani Wachinayi inatsika n'kuponda dothi. Anthu ambiri aka kanali koyamba kuona kuti mfumu ili ndi mapazi. Inayang'ana chitini chija. Inayang'ana manja ake. Ndi mawu aang'ono, a munthu wamba, inati:

"Chinthuchi sichipatuka."

Khamu lonse linatembenukira kwa mfumu.

"Ndapotoza ndekha," inatero mfumu, mawu akubwerera pang'onopang'ono. "Ndi manja angawa. Sitima sipatuka!"

Mu ngalande munatuluka mutu wamatope. "Mwanenadi, Mfumu! Nzeru zakuya!"

Ng'oma zinalira. Azimayi analulutira. Wailesi inalengeza kuti mfumu, itachita kafukufuku woika moyo wake pachiswe, yatulukira kuti sitima sipatuka, ndipo mayiko ena akuyembekezeka kudzaphunzira. A Pondani anauza amene anaima nawo pafupi kuti iwo akhala akunena zomwezo kuyambira kale.

Vuto linatsala kwa a Ndamvakale. Kumukakamiza Yotamu kunena kuti sitima ikanapatuka kunali kutsutsa mfumu. Kumumasula kunali kosatheka, poti chiyambire ufumuwo munthu wopanda galimoto anali asanapambanepo mlandu. Woweruza anakhala pa bokosi lija, n'kutseka maso. Aka kanali koyamba kuti aganize chigamulo mlandu utayamba kale.

"Yotamu," anatero pomaliza, "bwalo lakupeza wolakwa pa mlandu wodziwa chinthu mfumu isanachidziwe. Kumeneko n'kuthyola nzeru za mfumu zisanapse. Chilango chako n'chowawa. Udzalondera mphambano ino mpaka imfa. Udzakhala m'kanyumba kopanikizaka, osasamuka. Sitima ikalira udzatsitsa mpiringidzo, ikadutsa udzaukweza, tsiku ndi tsiku, kuti uzikumbukira kulakwa kwako. Uli ndi mawu?"

Yotamu, akadali wefuwefu, anavula kiyi m'khosi n'kumupereka.

"Mpiringidzo uli kuti?"

Unapezeka pa geti la mlamu wa a Mwanenadi. Anaubweza, anaupaka utoto, anautcha Mpiringidzo wa Nzeru za Mfumu Patukani, n'kuutsegulira ndi riboni.

Amuna a mapiki aja anapita osagwetsa kanthu, atathyola mango. Nangozo anamasula mitolo yake akulira mokweza kuti asilikali amve kuti chilango chawawa. Atalowa m'nyumba analeka.

"Bambo a Esinta, chitenje changa chija mwaching'amba."

"Eya."

"Mawu awiri munakana. Limodzi lokhalo ndiye muli nalo?"

"Eya."

Ku Tioneni sikunasinthe zambiri. Makiyi akugulidwabe. Anamfedwa akukhalabe kumbuyo. Lamulo loletsa audindo kukwera sitima lilipobe, koma bogi la zipika lija tsopano amachita kulimbirana, ndipo Lachisanu lililonse mumaona nduna ili m'galimoto pamwamba pake, manja pa chiwongolero, ikuyendetsa mosamala kwambiri.

Lolemba lotsatira, masana, a Mwanenadi anafika pamphambano m'galimoto yatsopano, amuna asanu ndi mmodzi akukankha. Sitima inalira kuseri kwa chitunda. Yotamu anatsitsa mpiringidzo. Okankha anakhala pansi mothokoza.

Mabogi anayamba kudutsa, limodzi ndi limodzi. Nangozo anafika ndi lichero lake, n'kugogoda pa windo la nduna.

"Nthochi, bwana? Musendiretu. Lero mabogi ndi ambiri."